Mtsuko wa ku shedi ya fodya

Aphungu,

Mundikhululukire ngati zilembo zanga zapendama. Aka nkoyamba kulembera munthu amene sindinamuonepo nkhope. Kulankhula pagulu ine sinditha, koma aphunzitsi athu a ku sukulu ya mishoni anati cholembera sichichita manyazi, ndiye ndati ndiyese.

Ndine mtsikana, kwathu ndi kufupi ndi Mkaika. Chaka chino ndalowa ntchito pa munda wa fodya wa mzungu wina, tsidya la mtsinje wa Katete. Ndinalowa pamodzi ndi amayi anga aang'ono, a Eneless. Iwowa ndiwo andilera kuyambira pamene amayi ondibala anapita ndi chimfine chachikulu chija. Ndilibenso wina.

Ntchito yathu ndi yosankha fodya. Kapena inu simunalowemo m'shedi, ndiye ndikuuzeni mmene mulili. Timakhala pamphasa titatambalala, fodya ali pamiyendo, nkumapatula masamba, ofiira paokha, owala paokha, ong'ambika paokha, kenako nkumanga timitolo. Chitseko ndi mazenera zimakhala zotseka, chifukwa mphepo ikalowa fodya amauma nkumafumbutuka m'manja. Pansi timawazapo madzi kuti mukhale chinyontho. Fungo lake ndi loti mlendo akalowa amayamba wayetsemula asanapereke moni.

Chitsulo cha masana chikalira palibe amene amatuluka. Amangokankhira fodya pambali, nkutulutsa mbatata kapena chimanga chokazinga, nkudyera pomwepo, manja ali bii. Akuti munthu ukachoka m'nyumba yofunda nkukumana ndi mphepo ya mwezi wa Juni uno, imakulowa m'chifuwa.

Tsono a Eneless sali bwino. Akutsokomola, mapazi akutupa, ndipo tikaweruka madzulo mpaka ndiwagwire dzanja kuti adzuke. Amayenda chowerama ngati nkhalamba, chonsecho ndi munthu woti chaka chatha pa munda wa mtedza ankasiya amuna m'mbuyo. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ngakhale kuthengo akuti kukuvuta. Azimayi enanso ndi chimodzimodzi, wina msana, wina miyendo dzanzi, kungoti a Eneless ndiwo anyanya.

Dzana akapitao athu, a Josephat, anaima pamutu pawo nati, "Mayi inu, chifuwa chanucho chikapitirira mukapumire kumudzi. Bwana safuna zomutsokomolera fodya wake." A Eneless anangotseka pakamwa ndi nsalu. Ine mpaka tsamba ndinali nalo m'manja ndinaling'amba.

Chodabwitsa nchakuti ine ndekha ndiye sindikudwala. A Violet, amene amakhala moyandikana nafe, amanena kuti, "Kamtsikana aka kali ndi mankhwala, taonani masaya ake. Ukutibisira chiyani iwe?"

Tsiku lina ndinalimba mtima. Chitsulo chitalira ndinati, motsitsa mawu, "Bwanji tikadyere panja lero, tiwongoleko miyendo?" A Violet anawomba m'manja. "Ee, tamvani anzanga! Kasukulu kayamba kutiphunzitsa kupuma. Mawa katiphunzitsa kubala!" Shedi yonse inaseka, ine ndinangoti zyoli. Tikubwerera kunyumba a Eneless anandiuza kuti, "Mwanawe, usadzandichititsenso manyazi. A Solomoni osonkha moto m'mabalani owumitsira fodya aja anatuluka thukuta lili kamukamu, lero ali kuti? Si tinawaika?" Nzoona, bambo amenewo anafa ndi chibayo chaka chatha.

Musaganize kuti ndimangoonerera. Ndimayesetsa kuwapeputsa a Eneless. Madzi owaza pansi aja akatha, ndine ndimathamangira kumtsinje. Kale akuti azimayi ankasinthana, koma ine nditabwera ndinaona kuti si ulemu kuti akulu asenze mtsuko mwana ali pompo. A Eneless akangoti agwire nkhata ndimawalanda, ndimati, "Khalani amayi, ndipita ine." Tsopano onse anazolowera, palibe amadzukanso. Ndimapita kangapo pa tsiku, ndipo sindidandaula, poti kumeneko ndimasambako m'manja ndi kumaso, ndimamwa madzi, nthawi zina ndimaima pang'ono pamwala kuothera dzuwa. Kunyumba nakonso ndinawaletsa kusinja ndi kusesa, kuti azipuma. Koma akupuma chonchi, akungoipiraipira.

Pali bambo wina amayenda ndi mabotolo a mankhwala a chifuwa m'misasa mwathu. Kodi ndiwagulire? Nanga ndinene bwanji kwa akulu kuti asandione wamwano? Aphungu, ndinaika kale mayi mmodzi. Sindifuna kuikanso wina.

Ine wanu,
L. P., Katete.

Mwanangu L.,

Zilembo zako sizinapendame, ndipo yankho waliika wekha m'kalata yako, kungoti sunalione. A Violet akunena zoona, uli ndi mankhwala. Mankhwalawo ndi mtsuko.

Taganiza. M'shedi monsemo ndani amadzuka, nayenda, napuma mpweya wopanda fumbi, nasamba m'manja, namwa madzi? Ndiwe wekha. Ndipo ndiwe wekha amene uli ndi masaya. Kale ulendo wa kumtsinjewo unali wa onse, aliyense ankapezako mpata wowongola msana. Iwe pofuna kuchita ulemu unawalanda. Sindikukudzudzula, unachita monga unaleredwera. Koma thupi la munthu lili ngati khasu, ukalisunga pakona kuti lisathe, ndi pamene limachita dzimbiri.

Tsono uwabwezere mtsuko wawo. Usayambe ndi kulalikira, waona kale mmene zinathera. Munthu wamkulu sakonda kuphunzitsidwa ndi mwana pamaso pa anzake, koma kupemphedwa amakonda. Mawa madzi akatha ukanong'oneze a Eneless kuti, "Amayi, tandiperekezani." Ndiwe namwali, njira ya kumtsinje imadutsa anthu ambiri, palibe mayi angakane, ndipo palibe angaseke mayi woperekeza mwana wake. Masiku oyamba asasenze kanthu, angoyenda, mwapang'onopang'ono. Akayamba kupepuka atenge kachikho, kenako mtsuko. Mukafika, iwe yamba kusamba m'manja ndi kumwa madzi monga umachitira. Usanene kanthu, adzakutsanzira okha. Tsiku lina upemphe a Violet. Munthu wa pakamwa ngati ameneyo akangokonda chinthu, shedi yonse imamutsata.

Za akapitao. A Josephat sanawalembe ntchito yosamala zifuwa, anawalemba yosamala fodya, ndiye nkhani ikawafikire kudzera kwa fodya. Mwezi uno pansi pamauma msanga, mtsuko umodzi suthirira shedi yonse. Zimenezi nzoona, si bodza. A Eneless kapena mayi wina wamkulu ndiye akanene kuti pakufunika mitsuko iwiri, anthu azipita awiriawiri mosinthana ngati kale. Iwe usatsogole. Munthu wopita kukatunga madzi a bwana palibe angamunene kuti ndi waulesi.

Za mphepo, usawatsutse akuluwo, sakulakwa kotheratu. Kuchoka pamoto thukuta lili kamukamu nkukaima pamphepo si nzeru. Koma inu simukhala pamoto. Apukute thukuta, afunde nsalu pachifuwa, atuluke dzuwa litakwera. Pakudya mupeze mbali ya khoma imene kuli dzuwa koma kosawomba mphepo. Inu awiri mukayamba kudyera pamenepo, ena adzabwera okha kudzaothera. Mphepo imene akuiopayo imawomba nkupita, koma fumbi la fodya amalimeza tsiku lonse, kuwonjeza limene amadyera kumodzi ndi mbatata.

M'shedimo asamapatsirane timitolo ali chikhalire. Aliyense azinyamuka kukaika yekha pamulu wa fodya wosankhidwa. Ndi pafupi, koma mapazi amatsika kutupa ndi zomwezo. Kunyumba uwasiyire tsache. Kusinja muzisinja awiri, akatopa aleke. Madzi azimwa ambiri, ndiwo zamasamba zisasowe, ngakhale mfutso. Za kuthengo zija zimamasuka ndi kuyenda, madzi ndi masamba, palibe chochititsa manyazi.

Mabotolo a bambo uja uwasiye. Sudziwa zimene anathiramo.

Koma umvetse apa. Ukaona magazi m'makhololo, kapena akutuluka thukuta pogona kunja kukuzizira, kapena akuwonda, kapena akubanika pongoyenda pang'ono, kumeneko si kwa mtsuko ayi. Upite nawo ku chipatala cha mishoni msanga, ngakhale akapitao akwiye, ndipo chikho chomwera akhale ndi chawochawo. Chimodzimodzi ngati mwezi utha chifuwa chisanasinthe. Ntchito ya fodya imabwera chaka ndi chaka, mayi sabwera kawiri.

Ulemu wako ndi wabwino, usautaye. Kungoti a Eneless akadzapepuka nkugwira nkhata, manja ako akhale kumbuyo.

Aphungu.