Amuna Anayi a Mfumukazi ndi Ine Wotayipa

Lolemba, 4 Malichi

Makina a fotokope atafunanso mapepala. Bwana akuti vuto ndi ine. Zaka khumi ndi ziwiri pa shopu ino, makina sanalakwepo.

Mayi akunyumba andipatsa kope lachitatu la buku lawo. Iwo amalemba pamanja, ine ndimatayipa pa nthawi ya nkhomaliro, Lachisanu amatumiza mutu umodzi ku gulu la pa foni. Azimayi mazana atatu, amuna saloledwa. Nkhani yake: Mfumukazi ya dziko la m'mitambo, yokondedwa ndi amuna anayi nthawi imodzi, popanda wothyola mnzake mano. Kalonga wa mapiko. Msilikali wosanduka kambuku akapsa mtima. Wamatsenga wovala magalasi. Ndi Mlonda wa pachipata, amene sindikudziwa kuti analowa bwanji pa mndandanda.

Mfumukazi ikukwanitsa anayi. Ine ndili ndekha, koma mayi amati ndimatopetsa.

Lachinayi, 7 Malichi

Mlamu, mng'ono wa mayi, anabwera kudzasindikiza kalata yofunsira ntchito. Potuluka: "Alamu, m'bukumo mulimotu. Achemwali anandiuza, mmodzi mwa anayiwo ndinu." Uti? Anangoseka n'kumapita.

Sizovuta. Mapiko ndilibe. Kambuku ayi, mphaka wa aneba yemwe ndimamupatukira. Magalasi ndili nawo. Wamatsengayo amawerenga, amayankha mwachidule, mawu ake amaluma. Ndadziyang'ana pa galasi la makina. Ndine ndithu.

Lachiwiri, 12 Malichi

Mutu 14. Wamatsenga mizere isanu yokha. Mlonda masamba awiri athunthu: kutenthetsa madzi a Mfumukazi, kusoka lamba wa nsapato yake, kuyimirira pa mvula ndi ambulera osanena kanthu. Angawerenge zimenezi ndani? Ndadula, ndasiya chiganizo chimodzi. Wamatsenga ndamuwonjezera ndime zitatu, ndipo kunena zoona ndazilemba bwino.

Mayi sabwereza kuwerenga ndikatayipa, amangotumiza. Ntchito ya wotayipa ndi kukonza zolakwika. Ichi chinangokhala chachikulupo.

Loweruka, 16 Malichi

Gulu lapenga. Foni ya mayi ikungolira ngati nkhuku yoti yaikira. Ali kutsuka mbale anati, "Koma Wamatsengayu amukondera chiyani? Sindikumvetsa." Ndinati anthu amadziwa chinthu chabwino. Ndinapukuta mbale zonse ndikuyimba mluzu.

Lachitatu, 27 Malichi

Mitu iwiri yapita kale ku gulu. Mlonda tsopano amangotsokomola kuseri kwa chipata. Wamatsenga wapulumutsa Mfumukazi kawiri, zimene m'kope sanachite. Mutu womaliza usanalembedwe azimayi avota kuti Mfumukazi ikhale ndi uti.

Masana bwana anandituma mankhwala a mutu ku famase ya pakona. Ndinali ndisanalowemo. Wogulitsa wake: magalasi, buku lotsegula pa kauntala, mayankho achidule. Pondipatsa mapiritsi anati, "Mutu ukamapweteka thokozani, ndiye kuti ulipo."

Mawu amenewa ndinawatayipa ndi zala zanga. Mutu 9, pakamwa pa Wamatsenga, ndisanayambe kuwonjezera zanga.

Mayi amagula mankhwala awo a msana kumeneko mwezi ndi mwezi.

Lachinayi, 28 Malichi

Nkhomaliro sinalowe. Ndasindikiza makadi a ukwati wa eni ake, dzina la mkwati mozondoka. Makadi zana.

Ndadutsa pa famase katatu. Ndi wamtali kuposa ine. Tsitsi lonse lilipo. Ndiye masabata awiri onsewa ndakhala ndikumumangira nyumba munthu ameneyu, njerwa zanga, thukuta langa.

Kufunsa mayi? Ndiyambire pati, poti wakuba woyamba ndine.

Lamlungu, 31 Malichi

Zotsatira. Wamatsenga 241. Kalonga 30. Kambuku 22. Mlonda 2: mayi ndi mlamu.

Titadya masana mayi anakhala pa tebulo, kope kumanzere, foni kumanja, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Ola lathunthu. Ine ndinakonza wailesi imene sinawonongeke.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangofunsa, "Bambo, madzi aja Mlonda ankatenthetsa apita kuti?" Ndinati ankachedwetsa nkhani. Anafunsanso: "Chaka chija msana unandigoneka miyezi inayi, madzi ankanditenthetsera ndani?"

Ndinaiwala. Zoona, ndinaiwaliratu. Munthu sasunga m'mutu zinthu ngati zimenezo.

Ndinalimba mtima n'kutchula za famase. Anaseka kuseka kosakoma. Akuti anangobwereka pakamwa pake, munthu woyankhula choncho ungakhale naye masiku angati? Mfumukazi inkayenera kusankha Mlonda, anakonza zimenezi kuyambira kope loyamba. Kenako, akutseka kope: "Mwadzichotsa nokha m'buku langa, ndipo mwandikwatitsa kwa wogulitsa mankhwala pamaso pa azimayi mazana atatu."

Tiyi wa madzulo anapanga kapu imodzi.

Lachiwiri, 2 Epulo

Kope lachinayi, la mutu womaliza, apita nalo ku shopu ya tsidya lina la msewu. Ndinawaona pa windo, akulowa osacheuka. Mayi wa kumeneko amatayipa ndi zala ziwiri, koma sadula. Mfumukazi itsata mavoti kapena ayi, sindikudziwa. Mlamu sakuyankha foni.

Kope lachitatu analisiya pa tebulo, ndinalitenga. Dzulo ndi lero ndatayipa zonse zimene ndinachotsa, liwu ndi liwu, ngakhale pamene alakwitsa kalembedwe. Masamba khumi ndi limodzi. Muli Mlonda akudya zopserera za pansi pa poto n'kumanama kuti amazikonda. Muli Mlonda akuyenda mbali ya magalimoto mumsewu. Muli mmene amavulira magalasi akafuna kupepesa, ndiye n'kulephera kupepesako. Inde, nayenso ali ndi magalasi. Tsamba 31. Ndinadula ndekha osaona.

Sindinkadziwa kuti ankandiona chonchi. Zaka zonsezi ndimayesa wopenyetsetsa m'nyumba muno ndine.

Ndaweruka msanga. Masambawo ndawaika pa tebulo pamene amakhala. Ndinafuna kulemba kalata pamwamba pake, ndayesa kanayi, zonse zikutuluka ngati mawu a Wamatsenga. Ndang'amba.

Geti lalira. Ndi iwo. Magalasi ndavula kale, koma chonena...