Ndi Nachali, Osati Sichali

Kaseye,
Chitipa.
14 Ogasiti 2019

Okondedwa achimwene a Gilbert,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno tili moyo, koma ine ndakwiya ndipo sindibisa. Ndalembera dala papepala chifukwa foni mumadula ndikangoyamba kukweza mawu.

Munandipempha kuti ndijambule galimoto za mawaya zimene amayi amapanga, kuti muziike pa tsamba lija la pa intaneti la anthu osonkhanitsa zidole. Ndinachita monga munanenera. Ndinkayala nsalu yoyera pakhonde, iliyonse n'kuijambula kutsogolo, m'mbali ndi pansi pomwe, kuti malegeni ndi matayala a zotsekera mabotolo zioneke. Mukati mthunzi wachuluka, ine kubwereza. Netiweki ndinkakaisaka pachulu ngati wotola ngumbi, anthu n'kumandiseka. Sindinadandaule, chifukwa pansi pa chithunzi chilichonse ndinkalemba dzina la mwini wake, E. Nachali.

Sabata yatha ndinatsegula tsamba lija. Basi ya katundu padenga ija ilipo, lole ya chimanga ilipo, thirakitala ilipo. Koma pansi pake palembedwa E. Sichali. Zoona achimwene?

Musawanamizire mayi Daphne, oyendetsa tsambalo, kuti ankayesa ndalakwitsa kalembedwe. Iwo sanabadwire kuno. Inu mumadziwa kuti kwathu kuno Si ndi mwamuna, Na ndi mkazi. Inu ndinu Simwaka, ine Namwaka, mimba imodzi. Ndipo nditakufunsani pafoni munayankha opanda manyazi kuti osonkhanitsawo sangakhulupirire kuti mayi wachikulire amapinda mawaya. Ndiye kuti akhulupirire, mwawaveka amayi anu thalauza?

Tsopano imvani zimene mwaphika. E. Nachali ndi Eneless, amayi athu. Koma E. Sichali nayenso alipo, ndi amalume a Esau, mlongo wawo. Omwe aja ankawaseka amayi, bambo atamwalira, kuti mkazi wamasiye akusewera ngati kamnyamata. Wina wawaonetsa tsambalo kugolosale, ndiye akungozungulira pa njinga chifuwa patsogolo, kuuza aliyense kuti dzina lawo lafika kwa azungu. Munthu woti ngakhale sipoko ya njinga yakeyo sangaiwongole!

Ndivomere chimodzi. Maso a amayi mukuwadziwa, zilembo sazionanso. Atandiuza kuti ndiwawerengere, ndinawerenga kuti Nachali. Anaseka, n'kundiuza kuti ndibwereze. Tsiku lomwelo anayamba kupinda ambulansi, akuti ya mwana wanu Tadala.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, amalume anatiimika pakati pa anthu.

"Nachali, wapulika? Wazungu akuti galimoto zija ni zane. Iwe unali waganyu chabe!"

Anthu anaseka. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Ruth, nanga iwe unandiwerengera vichi?"

Kenako anangoti, "Yewo, mwana wane," n'kutenga ndodo yawo, ulendo wakunyumba. Sanandikalipire mpaka lero, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundiwawa kwambiri.

Kuyambira tsiku limenelo sanagwirenso waya. Ambulansi ija ili pakhonde yopanda matayala, nkhuku zikungoikwera. Kodi galimoto yanu yoyamba anakupangirani ndani? Munkaithamangitsa Kaseye yense mukulira ngati injini, n'kumauza anzanu kuti mwapanga nokha, amayi zala zili zong'ambikang'ambika. Ine ndinkayesa chinali chibwana, osadziwa kuti mudzakula nacho.

Sindikupempha zambiri. Bwezerani zilembo ziwirizo pamalo pake. Mukakonza, muimbe foni muwawerengere amayi ndi pakamwa panu, chifukwa ine sangandikhulupirirenso. Mukapanda kutero, chotsani zithunzi zanga zonse, ndipo musadzanditumenso kanthu.

Moni kwa alamu. Tadala mumuuze kuti ambulansi yake ikudikira bambo ake. Amayi ndawafunsa ngati ndipereke moni wawo. Iwo anati, "Yamba wamufunsa. Moni wa Nachali angaulandire, kapena ukamutengere wa Esau?"

Ndiye ndakufunsani. Yankho tikulidikira pakhonde pomwe pano.

Ndine mlongo wanu,
Ruth Namwaka.
Na, achimwene, osati Si.