Felemu ya Msinkhu Wanga

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chayamba kukusiyani komanso kuti amayi ali bwino. Ife kuno tilipo, mvula yokha ndi imene yatipanikiza, moti makasitomala akumalowa mushopu ndi matope mpaka pamene pali makina osokera. Ndachedwa kuyankha dala, chifukwa ndikanalemba tsiku lomwelo mukanati mwana wanu wayamba mwano.

Ndaona kuti apongozi anu, amuna angawa, anakuimbirani foni n'kundinenera. Mwalemba kuti ndikabweze kanjinga kakang'ono ndagulaka, nditenge yaikulu yoti iwonso azipitira kuntchito, ndipo mdzukulu wanu akakula adzaipeze. Mwatinso mayi wa zaka makumi anayi sakhala ndi chinthu chakechake m'nyumba ya anthu, ndipo ndikapanda kumva, nkhani ya mpikisano wanga wa njingawo ndisadzaitchule pakhomo panu. Bambo, ndikunena mwaulemu wonse umene munandiphunzitsa: sindibweza.

Mawu anuwa ndinawadziwa ndisanamalize kuwerenga. Ndi "udzakuliramo" yemwe uja. Mukukumbukira nsapato zanga zakusukulu zimene amayi ankatsindiramo nyuzipepala kutsogolo? Zinang'ambika ndisanakuliremo, inu n'kugula zina zazikulu kuposa pamenepo. Ngakhale diresi langa laukwati munauza telala kuti asiye nsalu m'mbali kuti mng'ono wanga adzavalenso. Sindikukuimbani mlandu, tinalipo asanu ndi mmodzi ndipo munkapeza movutikira. Koma ine kukula ndinasiya kalekale.

Tsono imvani zimene apongozi anu sanakuuzeni, zimene nanenso ndinakubisirani. Njinga yaikulu mukunenayo ndinali nayo. Ndinaigula mu Disembala, yogwirapo kale ntchito, yofiira, yowala, yopepuka moti n'kuinyamula ndi dzanja limodzi. Nditaimirira pakati pake, chitsulo chapamwamba chija chinandikweza zidendene m'mwamba. Wogulitsayo anati, "Ikukukulirani iyi, mayi." Ine, ndi pakamwa pangapa, ndinayankha kuti, "Yaikulu ndiye yabwino, tonse tizikwera." Palibe anandikakamiza, mawu anu anangotuluka okha.

Chikomekome cha mkuyu, Bambo. Matayala ake anali owonda, poika madigadi panalibe, ndiye mvula ikagwa ndinkafika kunyumba msana wonse uli matope. Handulo ndinkachita kuinyanyamphirira ngati munthu woyanika zovala pachingwe chachitali. Masiku atatu pa mlungu apongozi anu ankaitenga, n'kukweza chishalo, osachitsitsanso. Tsiku lina m'mawa kukugwa mvula, ndikutsika chitunda cha pamlatho, lole inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanga. Zala zanga sizinafike bwino pa mabuleki. Ndinakhotetsa n'kukagwera m'ngalande, ndipo bondo lakumanja analisoka kasanu ndi kawiri. Ndinauza amayi kuti ndaterereka kubafa. Linali bodza, ndipo ndikupepesa.

Pakhonde loyandikana ndi shopu yanga pamakhala mkulu wina wokonza njinga, timangowatchula kuti a Sipanala. Ataona felemu ya njinga yanga yofiirayo, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Mayi, mumayeza anthu tsiku lonse, tepi ili m'khosimo. Inuyo munadziyezapo?"

Zaka makumi awiri ndikusoka, kasitomala akanena kuti thalauza lapitirira ndi chala chimodzi ndimalimasula lonse, koma kutalika kwa mwendo wanga sindinkakudziwa. Ndinalowa kuseri kwa katani, ndinadziyeza, ndinawauza nambala. Iwo analowa m'kachipinda kawo, kunamveka gobedegobede, n'kutuluka ndi felemu yachitsulo, yaing'ono, penti itayamba kusupuka.

"Kukongola ilibe," anatero. "Komanso ndi yolemerako. Koma onani timabowo iti, apa ndi apa, ndi tomangirapo madigadi. Apa tayala lokulirapo lilowa, simuzitereraterera. Mukabwera kumvula muziipukuta, tcheni muzithira oyilo, dzimbiri silidzaidziwa. Zowalazo n'za anthu okwera Lamlungu dzuwa likawala."

Tinasinthana. Iwo anatenga felemu yofiirayo, magiya n'kusamutsira pa iyi, ine n'kungoonjezera ya matayala ndi madigadi. Nditakwera, Bambo, manja anangogwera okha pa mabuleki, msana unakhala m'malo mwake. Ndinazungulira msika kawiri ndikulira, anthu n'kumaganiza kuti bondo layambanso kupweteka.

Apongozi anu anaiyesa madzulo omwewo, mawondo n'kumagunda handulo. Anatsika n'kufunsa kuti, "Kodi imeneyi ndi ya ana?" Ndinati, "Ayi bambo, ndi yanga." Anakhala masiku awiri osandilankhula, tsopano akupita kuntchito pa basi monga ankachitira zaka zonsezi, ndipo miyendo yawo sinathyoke.

Mpikisano uliko Loweruka lomaliza la Malichi, makilomita zana limodzi, ndipo dzina langa lalembedwa kale m'gulu la amayi. M'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu ndimapalasa makilomita makumi anayi, kaya kuche bwino kaya kugwe chimvula. Anzanga a njinga zodula akaona mitambo amabwerera m'bulangete, ine ndimatuluka. Kupambana mwina sindipambana, koma ndikamaliza, ndipo ndikabwera kumeneko nkhani imeneyi ndidzaitchula pakhonde panu pomwepo. Mukadzafuna kundithamangitsa mudzayambe mwaona chipsera chapabondochi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka aja anathandiza ngakhale anawatumizira bodza. Moni kwa mng'ono wanga ndi ana ake, ndi kwa achimwene. Mdzukulu wanu akuti agogo asade nkhawa, iye akufuna mpira osati njinga.

Pamodzi ndi kalatayi mulandira kabokosi. Muli nsapato. Chimwalirireni abambo aakulu mwakhala mukukhwekhwereza nsapato zawo zija, ndipo ndikaganiza bwino, sindinakuonenipo mutavala nsapato yogulira phazi lanu. Amayi anandijambulira phazi lanu papepala tsiku lina mutagona masana, musawakalipire. Ndinayeza ndekha ndi tepi yanga. Achimwene siziwakwana, ndaonetsetsa, ndipo palibe mdzukulu amene akuzidikira. Muzivale, Bambo, muyende nazo mpaka kumsewu ndi kubwerera, kenako mundilembere ngati mukufunabe kuti ndikabweze njinga.

Ndine mwana wanu wachitatu,
amene anasiya kukula koma sanasiye kukukondani.