Foni Yomangidwa ku Joni

Mphunzi, Dedza
14 Seputembala 1999

Okondedwa achimwene a Gerevazio,

Choyamba ndimve za moyo wanu ku Joni kumeneko. Kuno ana ali bwino ndipo kachewere tinakumba. Amene sali bwino ndi amayi.

Foni ya m'manja munatumiza ndi a Timoteyo oyendetsa thiraki inafika pa 21 Ogasiti. Pa 30 ndinapita nayo ku Lilongwe, ku ofesi ya kampani ya mafoni, kuti akandipatse nambala monga munanenera. Mtsikana wa pamenepo anaikamo kakhadi kawo, foni n'kukana. Anandiseka kuti ndanyamula njerwa, kenaka anaitana akuluakulu ake.

Bambowo anandifotokozera mwaulemu. Akuti kampani simangolandira foni iliyonse. Amasankha mitundu yogwirizana ndi nsanja zawo, amayamba aiyesa okha, amaonanso ngati mabatire ake angapezeke kuno ndiponso ngati anthu angakwanitse mtengo. Mtundu wa yanuyi akuti amaulola. Vuto n'lakuti inamangidwa ku kampani ya ku Joni, ndiye singamve khadi la wina. Anatinso zina zimatsekedwa chifukwa eni ake anakadandaula kuti zabedwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti anandipatsa ndani. Dzina lanu sindinatchule.

Nditafika kumudzi amayi anandifunsa ndili pakhomo. Ndinangoti akuti yamangidwa ku Joni. Mukudziwa kuti khutu lawo lamanzere linafa. Iwo anamva kuti amangidwa ku Joni. Anakhala pansi pomwepo, n'kuyamba kulira maliro.

Ndabwereza kufotokoza mpaka kusasa mawu. Ndinawagwiritsa foniyo m'manja kuti yomangidwa ndi iyi. Anati chinthu chopanda miyendo achimange chithawira kuti, ine ndikuwabisira. Akatekisiti a Alufeo anabweranso kudzawauza, iwo anati akatekisiti sabwera pakhomo popanda zovuta. Tsopano kudya anasiya. Amangomwa madzi, ndipo dzulo anagwa popita kubafa. Kuchigayo nkhani yafika kale poti munalamulidwa zaka.

Achimwene, ndinene zoona, inenso mantha andigwira. A Timoteyo nditawafunsa za inu anangoti muli bwinobwino, uku akuliza injini. Kakalata kanali m'bokosi la foni sikanali ka dzanja lanu. Kodi foniyi munaigula kusitolo, kapena kwa anyamata a mumsewu? Sindikukunenani. Ndikungofunsa chifukwa cha mmene bambo aja anandiyang'anira.

Chimene ndikupempha si ndalama. Amayi akufuna mawu anu. A Yusufu a sitolo ya nsalu pa Boma avomera kuti muimbe pa telefoni yawo ya mawaya. Nambala ndalemba kuseri. Loweruka pa 2 Okutobala ndidzawatengera amayi kumeneko pangolo, tidzakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka adzatseke. Mudzalankhule mokweza. Kalata musalembe, adzati ndapeka ine.

Ngati amene mwatsegula kalatayi si a Gerevazio, chonde, inu amene mukukhala nawo, imbani ndinu tsiku lomwelo. Mudzaitanitse Ndapeza. Mudzandiuze ine ndekha, amayi ndidzawasiya panja.

Mundiperekere moni kwa onse akwathu ali kumeneko. Ambuye akusungeni kulikonse kumene muli.

Ndine mlongo wanu,
Ndapeza