Njinga ya a Saidi Pamtsetse

Lachitatu, mwezi wa Juni, ku Entre Lagos. Lero mtima wapepukako.

Chithawireni nkhondo apulofesoli athu, aphunzitsi a pasukulu pano, kalasi yatsalira ine, ndipo mawa ndiphunzitsa mutu wa sayansi wotchedwa aselerasau. Buku ndinawerenga katatu, osatolapo kanthu.

Amuna anga a Saidi, amene sanapondeko m'kalasi, atamva vuto langali, anatsitsa dengu la nsomba panjinga n'kundikweza kumbuyo. Titafika pamtsetse anasiya kupalasa.

"Make Amina, mphepoyi mukuimva? Ikukulirakulira. Pamwamba paja timakwawa, pano tikuthamanga, kumunsiko tiuluka!"

Kani ndi zimenezi! Aselerasau si liwiro ayi, koma mmene liwirolo likuwonjezekera kamphindi kalikonse. Ndinawagwira zolimba m'chiuno, tonse tikuseka ngati ana.

Mawa akupita kumsika ndi nsomba, kudzera msewu umene kunalira mfuti dzana. Ndawachonderera kuti asapite, koma iwo angondisisita paphewa, akuti apitabe...