Ofesi ya Adokotala Tayiphwasula

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Mwendo wa alamu uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Alamu anu ali bwino. Kakhanda kaja kayamba kuyankhula, ndipo mawu amene kakuwadziwa bwino ndi oti "ayi", moti mayi ake akuti katengera kuchimuna.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni mumayankhula ndinu, ine ndimangoti eya, eya, mpaka tatsanzikana. Munandilera ndinu, ndiye ndikafuna kukutsutsani pakamwa pamauma. Papepala pano mwina ndifika kumapeto. Zilembo zokhotazi mupirire nazo, mukudziwa pamene ndinalekezera sukulu.

Nkhani ndi ya mwana wanu wamkulu kuno, mtsikana wanga woyamba uja, amene tonse takhala tikumutchula kuti Adokotala. Munanena kuti sukulu akatsekera timutumize kwanu, akalowe kalasi ya patchuthi ija yophunzira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kuti mayeso osankhira ana opita ku sekondale yogonera komweko adzamupeze atakonzeka. Ine ndinavomera. Lero ndikubweza mawu. Musanandikalipire, imvani kaye zimene zachitika.

Mukukumbukira ofesi ija ndinakuuzani? Atangolowa kalasi yomaliza, aphunzitsi anatiuza makolo kuti ana olemba ndi ambirimbiri koma malo ndi ochepa zedi. Ndinabwera kunyumba mutu uli gwa. Masamu ake sindingamuthandize, Chingerezi ndiye musanene. Koma manja ndili nawo. Ndinadula ngodya ya pabalaza ndi matabwa, ndinaikamo desiki ya thabwa labwino, shelefu ya mabuku, ndi chitseko chokhala ndi loko wake. Vanishi ndinapaka mpaka munthu kumadziona nkhope. Aneba ankabwera kudzaona, ine n'kumayenda ngati ndamanga chipatala chenicheni.

Alamu anu nawo anamuchotsa pa ntchito zonse. Mbale ayi, kuchapa ayi, tsache asaligwire. Wailesi tinatseka. Khanda likayamba kulira ankathamanga nalo panja. Chakudya tinkamupatsira pachitseko. Nyumba yonse tinkayenda monyang'ama ngati muli wodwala, osadziwa kuti wodwalayo tikumupanga tokha.

Kenako mwana anayamba kuonda. Anayamba kuvala chipewa cha ubweya ngakhale kukutentha, ndipo mayi ake akamufunsa ankati ndi mmene akuvalira anzake. Tsiku la mayeso a m'kalasi ankasanza m'mawa, ife n'kumati ndi malungo. Kuseka kwake kuja, kokhala ngati munthu watsamwa madzi, kunazimiririka osadziwa tsiku lake.

Loweruka lina ali kusukulu ndinalowa mu ofesimo kuti ndithire oyilo m'mahinjesi, poti ankalira ndipo ndinkaopa kuti akumusokoneza. Ndinapeza m'mphepete mwa desiki mutakumbikakumbika, vanishi atachoka, timaenje tili mbwee. Pansi panali tiubweya takuda. Ndinangoti basi, makoswe. Ndinamata timaenjeto, ndinakwecha ndi sandipepala, ndinapakanso vanishi, n'kutchera msampha pansi pa desiki ndi kachidutswa ka buledi. Sabata inayo timaenje tinabwereranso, buledi ali pomwepo, wauma. Ndinafika mpaka pokalalatira aneba oweta nkhuku aja kuti makoswe a m'khola mwawo akudya tsogolo la mwana wanga. Anandiyankha kuti makoswe awo ndi osaphunzira, mu ofesi sangalowe.

Zinadziwika mayeso oyeserera atatha. Aphunzitsi ake a masamu anandiitanitsa, n'kundionetsa pepala lake. Pamwamba panali dzina, pansi ponse poyera. Anati mwanayo anakhala nthawi yonse atagwira pensulo, thukuta lili kamukamu, osalemba ngakhale nambala imodzi, pamene masamu omwewo dzulo lake ankathandiza anzake pabolodi. Sanakalipe. Anati zoterezi anazionapo, ndipo kawirikawiri zimagwira ana akuthwa omwewa.

Sindinabwererenso kushedi kwanga kopalira matabwa. Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu, ndinakankha chitseko cha ofesi osagogoda, chinthu chimene ndinaletsa ndine ndemwe. Buku linali lotsekula koma maso ake anali pakhoma. Chipewa chinali pansi. Kuseri kwa khutu kunali chigamba chopanda tsitsi, kukula ngati chikhatho changa. Dzanja limodzi linkapota tsitsi n'kumazula, linalo linkakumba desiki ndi kampasi ya masamu. Msampha wanga unali pafupi ndi phazi lake.

Achemwali, khoswe amene ndinkamutchera msampha anali mwana wanga.

Ndinangomuuza kuti avale nsapato tipite kuchipatala, poti ine chimene ndimadziwa n'choti chinthu chikakukanika umapita nacho kwa odziwa. Anamuyeza magazi. Malungo analibe, magazi okwanira. Anamwino anamugwira manja, anaona zikhadabo zolumidwa mpaka m'mnofu, n'kutilozera chipinda china kumapeto kwa khonde. M'menemo munalibe jakisoni kapena botolo la mankhwala. Munali mayi wina ndi mipando basi. Mumtima ndinati atitaya. Mayiyo anati ndi mlangizi, ntchito yake ndi ya anthu amene maganizo awalemera.

Anafunsa mwana ngati akufuna kuti ine ndidikire panja. Ndinali nditaimirira kale. Koma mwana wanu anati ayi, bambo akhale, amve nawo. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, chifukwa ine pa msinkhu umenewo sindikanatha, ngakhale lero ndi ndevu zangazi ndikuchita kubisala kuseri kwa pepala.

Anayankhula yekha, osasiya. Anati akatsekula buku zilembo zimathawa. Anati mtima umagunda ngati ukufuna kutulukira kukhosi, ndipo tsiku la masamu lija m'mutu munangoti mbee ngati khoma. Anati akakhala mu ofesimo amamva nyumba yonse ili zii, ndipo amadziwa kuti anthu onse asiya kukhala moyo wawo chifukwa cha iye. Anati foni yanu ikalira Lamlungu amafuna kubisala, poti amadziwa funso limene likubwera. Anatinso masiku ena ankalakalaka atadwala matenda aakulu, agonekedwe, kuti mayesowo adutse iye kulibe, pasapezeke womunena.

Kenako anatembenukira kwa ine. Anati, "Bambo, nanga ndikalephera muzidzanditchula kuti ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinafufuza m'mutu kuti ndi liti pamene ndinamuitana mwina, osati Adokotala, koma sindinapeze. Chimene chinabwera ndi kamwana kaja kankakhala pa utuchi kushedi, kakutola misomali yopindika n'kumaiwongola ndi mwala, kowonda ngati misomali yomweyo. Mukukumbukira dzina limene munakapatsa inu nomwe mutabwera kudzacheza? Ndinati, "Ndiwe Kamsomali. Unali Kamsomali usanadziwe n'komwe kugwira pensulo."

Analira kwa nthawi. Kenako anatsamwa ndi kuseka kwake kuja, mamina ali chuchuchu, mpaka mayi mlangizi naye anaseka.

Mayiyo anatifotokozera kuti ndi nkhawa yopyola muyezo, ndipo ndi matenda ngati ena onse. Si ulesi, si kulodzedwa, si misala, ndipo amachira. Ine ndinafunsa kuti azimwa mapiritsi angati patsiku. Anati pakali pano palibe, zikadzafunika adzamutumiza kwa adokotala enieni, koma azibwera kudzacheza naye, azigona mokwanira, azisewera ndi anzake, abwerere ku ntchito za pakhomo. Anamuphunzitsanso kapumidwe kake mtima ukayamba kuthamanga. Ndinati zonsezo ndamva, koma mundiuze choti ine ndikachite ndi manja. Anati ndifunse mwini wake. Mwini wake anati chitseko chija chichoke.

Titafika kunyumba ndinatenga hamala n'kumupatsa. Ndinkaganiza kuti azula chitseko chokha. Mwana anazula khoma lonse. Ndipo achemwali, mukanaona kazulidwe kake! Anayamba ndi pamwamba, anaika kathabwa pansi pa mutu wa hamala kuti asavulaze thabwa lalikulu, misomali n'kumaisonkhanitsa m'chitini. Palibe thabwa limene linang'ambika. Palibe anamuphunzitsa, ankangoona kale kuja. Mayi ake anaima pakhomo atabereka khanda, akulira uku akumuuza kuti asamale zala. Aneba a nkhuku anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati khoswe wapezeka. Ndinawapepesa, ndipo mwendo wa tebulo lawo ndinawakonzera.

Matabwawo ndapangira shelefu ya mbale. Desiki ili pakati pa balaza, pamene aliyense amadutsa. Ndinkafuna kumatanso timaenje tija koma iye anakana, anati tikhale choncho. Amawerenga wailesi ikuyankhula, khanda likumukoka siketi. Akatopa amatseka buku n'kupita kukatsuka mbale, ndipo ayambanso kukangana ndi mayi ake za sopo. Sindinkadziwa kuti mkangano wa sopo ungandisangalatse chonchi.

Sindikunamizeni kuti wachira. Masiku ena amadzuka ali ndwii, ine mtima n'kukhala m'mwamba tsiku lonse, moti thabwa limodzi ndimaliyeza kangapo n'kulidulabe molakwika. Posachedwapa anasanzanso m'mawa wa mayeso a m'kalasi. Koma anatsuka mkamwa, anakhala pakhonde n'kupuma mmene anamuphunzitsira, anapita, ndipo analemba mpaka funso lomaliza. Nambala imene anakhala sindikuuzani. Si yoyamba, ndipo ndasiya kuilengeza kwa makasitomala. Tsitsi likumera, chipewa chavala chidole cha khanda.

Chinanso n'ichi. M'kalasi mwawo muli mtsikana wina amene ankakomoka mayeso akayandikira, anzake n'kumati akudzichititsa. Mwana wanu anamugwira dzanja n'kupita naye kwa aphunzitsi a masamu aja, ndipo pamaso pawo anavula chipewa n'kuonetsa chigamba chake kuti mnzakeyo asachite manyazi. Izi sanandiuze ndi iye, anandiuza ndi aphunzitsiwo. Bambo a mtsikanayo anabwera kushedi, anazungulirazungulira ngati akufuna mpando, pomaliza n'kundifunsa chapansipansi kuti chipinda chija chili mbali iti ya chipatala. Ndinasiya ntchito n'kuwaperekeza. Panjira ponse ndinkafuna kuimitsa anthu ndiwauze kuti woyambitsa zimenezi ndi wanga. Kunyada kumene ndinali nako ndi manambala ake sikufika apa.

Tsono pempho langa ndi ili. Tchuthi chino akhale kuno. M'mawa aziwerenga, masana azibwera kushedi kudzakwecha mipando kapena azipita kwa anzake, ndipo kwa mlangizi asadumphe. Mayeso adzalemba, ndipo sukulu yogonera komweko akuifuna yekha, wanena ndi pakamwa pake. Ine bokosi la zovala ndayamba kale kulipala. Akasankhidwa adzanyamuliramo zovala zake. Akapanda kusankhidwa aziikamo zovala zomwezo pakhomo pano, ndipo sukulu ina yoyendera adzapita. Bokosilo ndi limodzimodzi.

Musaganize kuti ndikukuimbani mlandu. Khoma ndinamanga ndine. Ndikudziwanso kumene kufunitsitsa kwanu kukuchokera. Inu munasankhidwa, koma munabwerera pakhomo kudzalera ine, ndipo simunandiwerengerepo. Mukamuona iye mumaona msewu umene munausiya. Nayenso akudziwa zimenezo, n'chifukwa chake mawu anu amamulemera kuposa a ine ndi mayi ake kuphatikiza.

Ndinamuuza kuti azakhali ako ndiwauza ndine kuti subwera. Anakana. Akuti Lamlungu likubwerali foni adzayankha yekha, ndipo adzakuuzani yekha zonse. Wakhala akuyeserera mawu ake potsuka mbale, ndamumva. Ine ndangotsogoza kalatayi mwakabisira, ndapatsira adalaivala a basi aja amadutsa kwanu, kuti nkhani isadzakudzidzimutseni, mungadzayankhe mawu amene mtima wanu sukutanthauza. Ndikukudziwani, mumayamba ndi moto kenako n'kumalira nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndodo yawo yoyendera ija ndaimaliza, ndatumiza limodzi ndi kalatayi. Moni kwa ana onse. Alamu anu akupereka moni wambiri, ndipo khanda nditalifunsa ngati likupereka moni lati ayi. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu ndi masiku ambiri.

Ikadzalira foni, achemwali, za malikisi musafunse. Mudzangoti, "Kamsomali, uli bwanji?" Kenako mudzakhale chete pang'ono. Zotsalazo adzanena yekha, amatha.

Ndine mlongo wanu amene munamulera,
Bambo a Kamsomali