Mkono wa a Damiano

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji? Ife kuno ku Bwanje tadzuka, dzuwa likuotcha monga mukulidziwira. Ndine mwana wanu Rozina. Ndakhalitsa osakulemberani. Sikuti ndinakuiwalani, koma ndinkadikira kuti nkhani ya mlongo wanga Lameki ifike pamapeto, poti inu simunkakonda kuuzidwa chinthu chatheka.

Ndiyambe ndi zapakhomo. Mdzukulu wanu Agnesi anachira mu Juni, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Elinati. Akamayamwa amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira posankha mpunga m'lichero. Ndime yanu ya kusikimu yatipatsa matumba a mpunga khumi ndi anayi, kuposa chaka chatha ndi atatu, ngakhale mbalame zinatidyera mbali ya kumunsi. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, koma tafolera. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa mwezi womwe tinakuikani, kanangotsala kamsoti kofiira kaja munkati tisakagwire. Kameneko ndibwererako.

Lameki anatuluka kundende mu Febuluwale. Munatisiya iye ali mkati, ndipo ndikudziwa kuti zimenezo ndizo munapita nazo pamtima. Mukukumbuka chaka chija madzi anachepa m'ngalande, komiti n'kugawa masiku othirira. Lameki ataona mpunga wathu ukufiira anakathyola loko wa pageti la madzi tsiku la eni ake, ndipo a Damiano, mdala wolima nafe kusikimuko, atamuletsa anawamenya ndi mpini wa khasu n'kuwathyola mkono wamanja. Khoti linamupatsa zaka zitatu. Makope amene munkamutumizira aja sanapite pachabe, Amayi. Analemba mayeso a Fomu 4 ali kundendeko ndipo anakhoza bwino, makamaka masamu ndi zaulimi.

Atafika, amalume a Geresomu anamumeta, anamusambitsa, zovala zimene anatuluka nazo tinatentha, kenako analowa m'nyumba. M'mawa mwake ndinati tiye ukaone pamene anagona amayi. Anakana. Anati, "Achemwali, ndikanena chiyani kumeneko? Ndikapita manja ali lendee ngati mmene ndinachokera." Sindinamukakamize.

Sabata yomweyo anapita kusikimu n'kupeza ndime ya a Damiano yowokera theka. Mkono wawo unapola mopindika, sugwira bwino mbande. Lameki anangovula nsapato n'kulowa m'matope. A Damiano sanamupatse moni, komanso sanamuthamangitse. Zinakhala choncho dzinja lonse. Anapalira, anapirikitsa mbalame, anamweta, anapuntha, awiriwo osalankhulana ngakhale liwu limodzi. Sakanatha kulankhulana, chifukwa nkhuku yopepesera inali isanapite. Inu munkati khoti limamaliza za boma, koma zapamudzi zimatha anthu akadyera mbale imodzi. Munasankha kamsoti kaja, koma matenda anakupezani musanakanyamule.

Itafika nyengo yofunsira malo, Lameki analembera ku koleji ina yophunzitsa ulimi wothirira. Pamapepalapo panali funso lakuti kodi munapezekapo olakwa kukhoti. Amalume anati, "Iwe, lemba ayi. Ndani angabwere kuno kudzafufuza? Anthu a mataye saponda matope." Lameki anati, "Malume, ndikalemba ayi ndidzaphunzira ndikucheukacheuka ngati wakuba mbuzi." Analemba inde, n'kuwonjezera mlandu wake ndi zaka zake. Amalume anapukusa mutu, amvekere, "Wadzitsekera wekha. Akangowerenga anena kuti madzi saiwala khwawa." Ine ndinangokumbuka mmene munkayankhira mwambi umenewo, kuti madzi amatsata kumene wawakumbira ngalande.

Mayina a anzake anatuluka, lake panalibe. Amalume ankangotsokomola mwadala akamadutsa pakhomo. Kenako akukoleji anaimba foni. Anati munthu wa mbiri ngati yake samukana pomwepo, komanso samulandira pomwepo. Amayamba amuona ndi maso. Abwere ndi kalata ya aphunzitsi ake a kundende, ndiponso munthu mmodzi wakumudzi wodziwa iyeyo ndi mlandu wake. Ine ndinati tipemphe abusa. Amalume anati mkulu wa mpingo ali ndi pakamwa pabwino. Koma Lameki anati, "Woudziwa mlandu ndi amene anamva kuwawa kwake."

Choncho Loweruka m'mawa tinagwira nkhuku yofiira ija, tsopano ndi thadzi lonenepa, n'kupita kwa a Damiano, ine, amalume ndi Lameki. Tinakhala pansi, Lameki anagwada. A Damiano anatisiya choncho mpaka anamaliza kumanga thumba limene ankamanga ndi dzanja limodzi ndi mano. Amalume atafotokoza, a Damiano anayang'ana Lameki n'kunena kuti, "Ndiye nkhuku yabwera chifukwa cha sukulu?" Lameki anati, "Sukulu ndiyo yandifulumizitsa, bambo, sindinama. Koma nkhukuyi anaisankha ndi amayi asanamwalire." Anailandira ndi dzanja lamanzere. Anati, "Sindiipha lero. Ndipita nawe, ndikamve ndekha zimene ukanene kwa anthu ophunzirawo. Ukakangoti tinalimbana, kapena kuti ndinayamba ndine, nkhuku ibwerera kwanu ndipo ndikawauza kuti asakutenge."

Tinanyamuka Lachitatu. A Damiano anavala jekete lawo la ukwati. Minibasi itaima pa Nsipe anagula nthochi pawindo, anandipatsa ine ziwiri, Lameki osamupatsa.

Amayi, ine ndinalekeza Sitandade 7, ndipo ndinkaganiza kuti akatikhazika panja ngati kupolisi. Ayi ndithu. Anatilowetsa tonse, anatipatsa mipando. Anali atatu, wotsogolera anali mayi wa imvi pang'ono. Sanayambe ndi za ndende. Anayamba kufunsa Lameki chimene akufuna kuphunzira, iye n'kufotokoza za ngalande zathu zong'ambika, mmene madzi amathera m'njira asanafike ku ndime za kumunsi. Kenako mayi uja anati, "Tawerenga zimene munalemba, ndipo tathokoza kuti simunabise. Tsopano tiuzeni ndi pakamwa panu."

Mwana wanu sanachepetse kanthu. Anati, "Tsiku silinali lathu. Loko ndinathyola ndine. A Damiano analibe kanthu m'manja, anangondigwira malaya. Ndinawamenya kawiri." Ine ndinayang'ana pansi. Za kawirizo ngakhale ine sindinkazidziwa.

Bambo wina mwa atatuwo anamupanikiza, ndipo sindimuimba mlandu. Anati pakoleji pamagona ana a eni, makolo awo anadalira akolejiwo, nanga wina akadzamuputa zidzatha bwanji? Lameki anati, "Mkwiyo sunathe, bwana, ndikadali nawo. Chimene ndinaphunzira ndi kuika khasu pansi ndisanayankhe munthu." Wachitatu, yemwe ankangolemba, anadzutsa mutu amvekere, "Ndiye wothyola geti tim'phunzitse za mageti?" Onse anaseka pang'ono, ngakhale Lameki.

Ndiye anapatsa mpata a Damiano. Anavula jekete pang'onopang'ono, anapinda malaya, n'kuika mkono uja patebulo, pamwamba pa mapepala awo. Anati, "Uwu suwongoka, ndipo sudzawongokanso. Anaupinda ndi uyu. Sindinabwere kudzakuuzani kuti ndi mngelo. Koma mpunga umene ndadya m'mawa uno anawokera ndi iyeyu, anapalira, anapuntha, osandipempha ngakhale moni. Ndipo zimene wanena apazi ndi momwemo, sanachotsepo. Kwathu timamenyanirana madzi chifukwa amatayika m'njira. Mutengeni akaphunzire, abwere adzatikonzere, kuti mwana wina asadzathyole mkono wa nkhalamba ina." Mayi uja anafunsa ngati samuopa. A Damiano anati, "Ine, mayi? Ndimaopa njoka za m'ndime basi."

Sanatiyankhe tsiku lomwelo. Anati akambirane kaye, alankhulenso ndi aphunzitsi a kundende aja. Pobwerera, minibasi itaimanso pa Nsipe, a Damiano anagulanso nthochi. Anathyola imodzi n'kuiika pabondo la Lameki, maso ali kuwindo.

Yankho linabwera patatha masabata awiri. Amulandira, Amayi! Anamuuza poyera kuti teremu yoyamba adzakhala akumuona khalidwe, ndipo mwezi uliwonse azikacheza ndi mphunzitsi mmodzi amene amusankhira. Akadzakweza dzanja pa munthu, malo atha. Koma anatinso nkhani ya ndendeyo ikhala kwa atatu aja ndi mphunzitsiyo basi, sadzailengeza kwa ophunzira anzake, adzanena yekha akadzafuna. Ine zimenezi zinandigwira mtima. Sanayerekeze kuti palibe chinachitika, komanso sanamupatse chilango chachiwiri. Amalume tsopano akuuza aliyense kumsika kuti iwo ndi amene anamulangiza kunena zoona. Tikungowasiya. Za fizi musade nazo nkhawa, ndawerengera kale. Matumba asanu ndi limodzi apita, asanu ndi atatu otsalawo atifikitsa kokolola.

Dzulo a Damiano anabwera okha kudzatiitana. Tinapeza nkhuku yaphikidwa, mpunga wa m'ndime yawo uli m'mbale imodzi yaikulu pamphasa. Anasamba m'manja iwo, anasamba Lameki, madzi omwewo. Nyama inkawavuta kunyotsola ndi dzanja limodzi, Lameki n'kumawanyotsolera osafunsa. Atapeza nthutumba, imene ikanayenera kukhala yawo monga mwini khomo, anaitenga n'kuiika mbali ya Lameki. Anati, "Idya, Ngozo." Chichitikireni mlandu uja anali asanamutchulepo ndi mfunda wake. Mwana wanu anadya misozi ikugwera m'mbale, ine ndinanamizira kukatunga madzi.

Lero m'mawa Lameki wandifunsa yekha kumene ndimasunga khasu laling'ono. Akuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi abwera kudzalambula pamanda anu, chifukwa tsopano ali ndi choti anene. Lolemba ndiye ulendo. Ndikulonjeza kuti ndibwera naye, pamodzi ndi Elinati wamng'ono kuti mumuone, ndipo ndime yanu ndiisamala mpaka Lameki adzabwere kudzaikonzera ngalande.

Nkhuku yanu yafika kumene munkafuna, Amayi. Gonani bwino tsopano.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Rozina Nangozo